PHUNZIRO LA APHUNZITSI NDI AKHRISTU: Makina Olembera ndi Malonda a Mpweya wa Kaboni

Masiku ano m'midzi yambiri mukufika alendo onyamula lamya za m'manja ndi chingwe choyezera. Amaima pa ngodya ya munda nayang'ana m'lamya. Amakulunga chingwe pa thunthu la msangu kapena la mbawa. Amalowa m'khitchini najambula mbaula ya chitetezo pamodzi ndi mwini wake. Akafunsidwa amati ndi a pulojekiti ya kaboni, ndipo amalonjeza kuti mudzi udzaona ndalama chifukwa cha mitengo yake. Kawirikawiri munthu amene amfumu amamuitana kuti awerenge mapepala a alendowo, kapena amene amamusungitsa lamya ija, ndi mphunzitsi wa katekisimu kapena mlembi wa tchalitchi, popeza anthu amamukhulupirira. Nkoyenera tsono kuti iye adziwe zimene makinawa amachita ndi zimene sangathe kuchita, pakuti akale adati safunsa adadya phula.

1. Chogulitsidwa nchiyani?

Nkhuni, makala, malasha ndi mafuta a galimoto zikamayaka zimatulutsa mpweya umene anthu amautcha mpweya wa kaboni. Mpweyawu ukachuluka mumlengalenga umatsekereza kutentha monga bulangete, ndipo nyengo imasokonekera. Mafakitale asanachuluke, pa magawo 1,000,000 a mpweya wa mumlengalenga, pafupifupi 280 ndiwo adali a kaboni. M'chaka cha 2024 adali atapitirira 420. Kukwera kumeneku akatswiri akhala akukuyeza pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii kuyambira m'chaka cha 1958.

Mtengo ukamakula umakoka mpweyawu nuusandutsa thunthu, nthambi ndi mizu. Mbaula yabwino nayo imatha nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa atatu. Apa ndi pamene padabadwira malonda. M'chaka cha 1997 maiko adagwirizana ku Kyoto, m'dziko la Japan, kuti dziko lolemera likhoza kulipirira ntchito yochepetsa mpweyawu m'dziko losauka, niliwerengera phindulo ngati lake. Pangano la ku Paris la 2015 lidapitiriza njirayi m'ndime yake ya 6, ndipo makampani ambiri amagulanso mwa kufuna kwawo. Muyeso wake ndi chiphaso cha kaboni: chiphaso chimodzi chimaimira tani imodzi, ndiye kuti makilogalamu 1,000, a mpweya umene wachotsedwa mumlengalenga kapena waletsedwa kutuluka. M'Malawi muno ntchito zotere zachitika m'midzi yozungulira Nyika, Vwaza ndi Nkhotakota pansi pa pulojekiti ya Kulera, ndiponso pakati pa alimi obzala mitengo ku Dowa ndi ku Neno. Ndipo m'chaka cha 2023 boma lidakhazikitsa ndondomeko yake ya malonda amenewa.

Wogula fodya ku Kanengo amaona belo naligwira tsamba lake. Wogula chimanga amakweza thumba pa sikelo. Koma wogula chiphaso cha kaboni, atakhala ku London kapena ku Zürich, saona mpweya, saona mtengo, ndipo mlimi samdziwa. Chimene amalandira ndi zolembedwa basi. Motero malonda onsewa atsamira pa umboni wa zolembedwa, ndipo zolembedwazo zimayenda m'makina.

2. Chida ndi pulogalamu

Pa makina alionse a mtundu umenewu pali zinthu ziwiri. Choyamba ndi chida chogwirika ndi manja: lamya, kompyuta, batire, kasolala kotchajira. Chachiwiri ndi pulogalamu, ndiyo mndandanda wa malangizo amene munthu wina adalemba kuti chidacho chiziwatsata limodzi ndi limodzi. Lamya imodzi imatha kukhala ndi mapulogalamu ambiri, monga momwe kabati imodzi imasungira mabuku ambiri.

Ena amayerekeza chida ndi thupi, pulogalamu nayiyesa mzimu. Fanizoli nlosokeretsa. Mzimu wa munthu uli ndi nzeru ndi ufulu wosankha, nchifukwa chake munthu amayamikidwa kapena kudzudzulidwa. Pulogalamu ilibe chikumbumtima. Imawerengera mwamsanga ndi mosatopa, koma siidziwa ngati nambala imene yapatsidwa ndi yoona. Ili ngati chigayo: wothiramo chimanga amatenga ufa, wothiramo mchenga amatenga mchenga.

Mapulogalamu amene amagwira ntchito kwambiri m'mapulojekiti a kaboni ndi a mitundu itatu. Alipo otolera mayankho m'midzi, monga ODK ndi KoboToolbox. Awa amaonetsa mafunso pa lamya, nasunga mayankho ngakhale kumene kulibe netiweki, nawatumiza lamyayo ikafika pamene pali intaneti. Alipo owerengera, monga Excel, amene tsamba lake ndi logawidwa m'mizere ndi timabokosi. Aliponso ojambula mapu, monga QGIS. ODK, KoboToolbox ndi QGIS adalembedwa poyera, kotero kuti aliyense wodziwa ntchitoyi angathe kuona malangizo a m'kati mwake.

3. Deta ndi nkhokwe yake

Zonse zolembedwa m'makina zimatchedwa deta: dzina la mlimi, mudzi wake, kukula kwa munda, mtundu wa mtengo, chithunzi cha mbaula, tsiku limene alendo adafika. Deta ikasonkhanitsidwa ndi kusanjidwa bwino imapanga nkhokwe ya deta.

Mphunzitsi wa katekisimu sangavutike kumvetsa zimenezi, chifukwa Eklezia wakhala akusunga nkhokwe zotere kwa zaka mazana ambiri. Buku la ubatizo ndiyo nkhokwe ya deta yolembedwa ndi inki. Mzere uliwonse ndi wa munthu mmodzi; danga lililonse lili ndi ntchito yake: dzina, makolo, tsiku, womuimira, wansembe wobatiza. Mzere uliwonse ulinso ndi nambala yakeyake, popeza m'parishi imodzi angapezeke anthu khumi a dzina limodzi. Lamulo la Eklezia, pa nambala 535, limalamula bambo mfumu kuti mabuku amenewa alembedwe mosamala ndi kusungidwa bwino, ndipo Ambuye Episkopi kapena nthumwi yawo amawaona akabwera kudzayendera parishi.

Zomwezo zimafunika pa deta ya kaboni. Mbaula iliyonse, munda uliwonse, ziyenera kukhala ndi nambala imodzi yosabwerezedwa. Mbaula imodzi ikalembedwa kawiri, kamodzi m'dzina la mwamuna kenaka m'dzina la mkazi, kapena m'mabuku a makampani awiri, mpweya umodzimodzi wagulitsidwa kawiri, monga munthu wogulitsa mbuzi imodzi kwa anthu awiri.

Deta ikachoka pa lamya imakasungidwa pa kompyuta yaikulu yotchedwa seva. Ogwira ntchito akamanena kuti zasungidwa kumtambo, satanthauza kumwamba ayi. Akunena makompyuta a eni ake, okhala m'nyumba zazikulu, kawirikawiri m'maiko akunja. Kusunga kotere nkwabwino, chifukwa lamya ikabedwa kapena kugwera m'madzi deta siitayika. Koma mudzi sukhala ndi kiyi wa nyumbazo. Pachifukwa ichi komiti ya mudzi yanzeru imasunganso kope lake la chikuto cholimba, mmene imalemba zonse zimene alendo alemba m'lamya, ndipo kope lachiwiri limasungidwa kwina, poopa chiswe, moto ndi madzi. Amene adaona namondwe Freddy m'chaka cha 2023 akudziwa kuti pepala limodzi losungidwa pamalo amodzi ndi losadalirika.

4. Kudziwa malo: GPS ndi zithunzi za kumwamba

Mlendo akaima pa ngodya ya munda akugwiritsa ntchito GPS. Masetilaiti osachepera 24 amazungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,000, natumiza zizindikiro usana ndi usiku. Lamya ikamva anayi mwa iwo imawerengera pamene yaima, nilemba manambala awiri: ina yonena kutalika kwa malowo kuchokera pa mzere wa ikweta, ina kuchokera pa mzere wodutsa ku Greenwich, ku England. Mzinda wa Lilongwe, mwachitsanzo, uli pafupi ndi madigiri 14 kummwera ndi 34 kuvuma. Ntchitoyi siifuna netiweki kapena mayunitsi. Munthu akayenda kuzungulira munda, pulogalamu imalumikiza timadontho tonse nijambula malire, niwerengera mahekitala.

Koma GPS ya pa lamya imatha kuphonya ndi mamita asanu poyera, ndipo pansi pa mitengo yowirira imaphonya koposa. Pa nkhalango yaikulu mamita asanu si kanthu; pa munda wa theka la ekala ndi mizere ingapo ya chimanga, ndipo mikangano ya pachibale imayambira pa mizere yotere. Tsono poyeza malire payenera kukhala eni munda, oyandikana nawo ndi amfumu. Mapu a m'lamya si chiweruzo cha malo, ndipo sasintha umwini wa munda.

Pali masetilaiti enanso ojambula dziko. Landsat woyamba adaulutsidwa ndi dziko la America m'chaka cha 1972, ndipo zithunzi za Landsat zidayamba kuperekedwa ulere mu 2008; pa zithunzi za masiku ano kadontho kamodzi kamaimira malo a mamita 30 m'litali ndi 30 m'lifupi. Sentinel-2 wa maiko a ku Ulaya, woyamba mu 2015, amaona mpaka mamita 10. Poyerekeza chithunzi cha chaka chino ndi cha zaka zapitazo, akatswiri amaona pamene nkhalango yadulidwa kapena yapsa. Komabe diso la kumwambali lili ndi malire. M'dzinja mitambo imaliphimba. Mbande zongobzalidwa kumene silizizindikira. Mbaula ya m'khitchini siliiona. Ndipo silidziwa amene adathirira mtengo. Choncho munthu woyenda pansi ndi wofunikabe.

5. Kuchokera pa chingwe kufika pa tani

Palibe amene amadula mtengo kuti aukweze pa sikelo. Woyeza amasankha timagawo tochepa ta nkhalango, nayeza mtengo uliwonse wa mmenemo pa msinkhu wa mita 1.3 kuchokera pansi, ndiye kuti pafupi ndi chifuwa cha munthu wamkulu. Pulogalamu imatenga kunenepa kwa thunthu, nthawi zina ndi kutalika kwake ndi mtundu wake, niwerengera kulemera kwa mtengo wonse utauma. Pafupifupi theka la kulemerako ndi kaboni, ndipo kilogalamu imodzi ya kaboni imafanana ndi makilogalamu 3.67 a mpweya wa kaboni. Motero mtengo umene utauma ungalemere makilogalamu 200 uli ndi kaboni wokwana ngati makilogalamu 100, ndiye kuti wasunga mpweya wokwana ngati makilogalamu 367. Mitengo itatu yotere ndiyo ingapitirire pang'ono tani imodzi. Mlimi akamva izi amazindikira kuti chiphaso chimodzi si chinthu chopezeka pa mbande zochepa za chaka chatha.

Apa kulakwa kwakung'ono kumabala kulakwa kwakukulu. Thunthu limene kuzungulira kwake ndi masentimita 63, kupingasa kwake ndi masentimita 20. Woyeza akalemba 63 m'danga lofuna kupingasa, pulogalamu siimufunsa. Imangowerengera mtengo wolemera kakhumi kapena kuposerapo kusiyana ndi umene waima m'mundamo. Ndipo popeza timagawo toyezedwa timaimira nkhalango yonse, kulakwako kumafalikira pa mahekitala onse.

Pa mbaula kuwerengera kumatsamira pa mafunso ndi pa sikelo ya nkhuni. Mabanja ochepa amasankhidwa kuti aimire onse. Amafunsidwa ngati akuphikira pa mbaula yatsopano, ndipo nkhuni zawo zimayezedwa kwa masiku angapo. Mayi amene mbaula yake idasweka kale, koma ayankha kuti amaphikirapo tsiku ndi tsiku pofuna kusangalatsa mlendo, wayankhira mabanja mazana ambiri amene sadafunsidwe.

Palinso nambala ina yovuta koposa zonse, ndiyo yoyerekeza zimene zikadachitika pulojekiti ikadapanda kubwera: mitengo ingati ikadadulidwa, nkhuni zingati zikadapsa. Zimenezi palibe adaziona, chifukwa sizidachitike. Woyerekeza akakulitsa chiopsezo, ziphaso zimachuluka popanda mtengo ndi umodzi womwe wopulumutsidwa.

6. Kaundula wamkulu

Kampani siidzipatsa yokha ziphaso. Imatumiza lipoti lake kwa bungwe losunga kaundula, monga Verra ya ku Washington, Gold Standard ya ku Geneva, kapena Plan Vivo ya ku Edinburgh. Lisanavomerezedwe, akatswiri ena osakhala a kampaniyo amafufuza deta, nayendera midzi ina kuti aone ngati zolembedwa zikugwirizana ndi zooneka. Pamenepo ziphaso zimatulutsidwa, zili ndi manambala akeake. Wogula akagwiritsa ntchito chiphaso, chimalembedwa kuti chatha, ndipo sichingagulitsidwenso. Makaundulawa ali poyera pa intaneti, ngakhale ambiri ndi olembedwa m'Chingerezi. Munthu wodziwa dzina ndi nambala ya pulojekiti angathe kuona ziphaso zimene zatulutsidwa m'dzina la dera lake, ndi zaka zake.

7. Manambala akanama

Ngakhale pali alonda onsewa, bodza limadutsabe. Mu January 2023 nyuzipepala za The Guardian ku Britain ndi Die Zeit ku Germany zidafalitsa kafukufuku wonena kuti ziphaso zambiri za nkhalango za mvula zidalibe phindu lenileni pa mpweya. A Verra adatsutsa njira imene kafukufukuyo adatsata, koma mitengo ya ziphaso idagwa ndipo ogula ambiri adabwerera m'mbuyo. Mu October 2024 oimira boma pa milandu ku New York adazenga mlandu akuluakulu akale a kampani ina yogawa mbaula, powaganizira kuti adasintha manambala a kafukufuku wochokera ku Malawi ndi ku Angola kuti ziphaso zichuluke. Mmodzi mwa akuluakuluwo adavomera kulakwa. Nkhaniyi ikuonetsa kuti chinyengo sichiyambira kumudzi kokha: deta yoona ingathe kuchoka m'manja mwa mlembi wokhulupirika nkukapotozedwa mu ofesi yakutali. Ndipo malonda akaonongeka, woyamba kuvutika ndi mlimi amene adasiya kudula mitengo akuyembekezera malipiro.

Chiphunzitso cha Eklezia pa nkhaniyi si chatsopano. Lamulo la 8 la Mulungu limaletsa umboni wonama, ndipo nambala yolembedwa m'lamya ndi umboni, ngakhale palibe woweruza wakhala pamaso pa wolembayo. Lamulo la 7 limaletsa kuba, ndipo kulandira ndalama pa mitengo imene kulibe ndi kutenga za eni mwachinyengo. Amene wachita dala zotere ali ndi udindo wobweza kapena wokonza, monga momwe angathere. Kuchita ntchito m'makina sikuchepetsa tchimo, ndipo kutalika kwa wonamizidwa sikulichotsa. Aneneri adadzudzula eni masikelo achinyengo m'misika ya Israele. Sikelo ya lero ili m'thumba la malaya, koma Mulungu woiona ndi yemweyo. Kulakwitsa mosadziwa si tchimo. Koma wolakwitsa akazindikira ayenera kuulula kwa oyang'anira ntchito kuti zikonzedwe, osabisa poopa manyazi.

Chilungamo chimafunikanso kwa kampani. Ndalama za chiphaso zimadutsa m'manja ambiri: oyendetsa pulojekiti, ofufuza, osunga kaundula, amalonda apakati, boma. Mudzi umene umasunga mitengo uli ndi ufulu wodziwa gawo lake. Malemu Papa Francis, m'kalata yawo Laudato Si' ya chaka cha 2015, pa ndime 171, adachenjeza kuti malonda a ziphaso za kaboni angasanduke njira ina yosakira phindu, ndi kupatsa olemera mpata wopitiriza moyo wawo wosadziletsa. Papa sadaletse kubzala mitengo kapena kulandira malipiro oyenera. Adakumbutsa kuti chilengedwe ndi mphatso ya Mulungu yoyenera kusamalidwa, ziphaso zikhalepo kapena ayi. Msangu umapatsa nthaka chonde, mbaula yabwino imachepetsa utsi m'maso mwa amayi ndi ana, ngakhale ndalama za kunja zitachedwa. Fodya wa munthu ndi amene ali pamphuno.

8. Zoyenera kukumbukira mphunzitsi

Asanasayine munthu aliyense, pangano liwerengedwe poyera m'chinenero chimene anthu amamva, ndipo kope lake litsale m'mudzi. Mapangano a mitengo amatenga zaka 20, 30 kapena kuposerapo, ndiye kuti amamanga ndi ana omwe.

Afunsidwe alendo dzina la pulojekiti, kaundula amene idalembedwamo ndi nambala yake, ndiponso ngati ofesi ya nkhalango ya m'boma ikuidziwa.

Afunsidwenso amene adzasunge deta, amene adzaione, ndi njira yokonzera dzina kapena nambala yolakwika. Dzina la munthu, nambala ya chiphaso chake cha unzika, chithunzi chake ndi malo a nyumba yake ndi zinthu zake za iye mwini. Dziko la Malawi lili ndi lamulo loteteza deta ya anthu, la chaka cha 2024, ndipo munthu ayenera kuuzidwa chifukwa chimene zinthu zakezo zikulembedwera. Nkhalamba ndi osadziwa kuwerenga afotokozeredwe modekha asanadinde chala.

Mawu achinsinsi otsegulira pulogalamu ali ngati kiyi wa sakristiya: sabwereketsedwa. Chilichonse cholembedwa pansi pa dzina la mlembi chimawerengedwa kuti ndi chake. Chimodzimodzi nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena TNM Mpamba: wotumiza malipiro amangofuna nambala ya lamya, ndipo wopempha nambala yachinsinsi ndi wakuba.

Mlembi alembe chimene waona ndi maso, ali pamalopo, tsiku lomwelo. Mitengo imene yafa ilembedwe kuti yafa. Mbaula yosweka ilembedwe kuti yasweka. Asadzaze mafomu atakhala pa khonde la nyumba yake, ndipo asakondere abale ake kapena akhristu anzake: Msilamu ndi wa mpingo wina alembedwe ndi muyeso womwewo.

Pomaliza, ntchitoyi isasiyidwe kwa munthu mmodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndalama zikafika zilengezedwe pa msonkhano wa mudzi, ndipo ziyerekezedwe ndi zimene zili m'kope la komiti. Mphunzitsi akumbukire kuti anthu adamukhulupirira chifukwa cha ntchito yake ya Mulungu. Dzina lake likadetsedwa pa nkhani ya ndalama za kaboni, mawu ake a Lamulungu m'tchalitchi nawonso adzapepuka.

Mafunso okambirana pa mphakati

1. Chifukwa chiyani malonda a kaboni amadalira zolembedwa koposa malonda a chimanga?
2. Nkhokwe ya deta ikufanana bwanji ndi buku la ubatizo, ndipo ikusiyana nalo pati?
3. Mlembi wapeza kuti theka la mbande za amalume ake lauma, ndipo amalumewo akumupempha kuti alembe zonse ngati zamoyo. Ayankhe chiyani, ndipo angawathandize motani m'njira yoyenera?
4. Ndi zinthu ziti zimene mudzi uyenera kudziwa usanavomere pangano la zaka zambiri?
5. Ngati ndalama za kaboni zitaleka kubwera, ndi zifukwa ziti zimene mkhristu angasungirebe mitengo?